Siyani Choloensis Akhale Momwemo

Pali kachizolowezi kamene kamera mizu pakati pa olemba Chichewa, makamaka pa nkhani za ulimi ndi zachilengedwe. Munthu amalemba kuti "dzina la chomerachi m'Chingerezi ndi lakuti," kenako n'kuikapo mawu amene Mngelezi wa ku London angalume nawo lilime. Camellia sinensis si Chingerezi ayi. Mngelezi ali ndi dzina lakelake la chomerachi, ife timati tiyi, ndipo amayi ndi abambo amene amalawirira m'mizere ya ku Satemwa, ku Makwasa kapena kwa Conforzi, dengu lili kumsana, amangoti masamba. Camellia sinensis ndi dzina la sayansi, loumbidwa m'Chilatini, ndipo pa dzina limeneli Mngelezi ndi mlendo ngati ife tomwe.

Wina anena kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Koma cholakwa chimenechi chimabala zinzake. Munthu akangoganiza kuti dzinalo ndi Chingerezi, amadzipatsa ufulu wolimasulira, wolilemba monga likumvekera m'khutu mwake, kapena woliwongola akaona ngati lapotoka. Ndipo palibe dzina limene limayabwa dzanja la mkonzi wa ku Thyolo kuposa choloensis.

M'tinkhalango tochepa totsala m'makhwawa a m'maesiteti a tiyi muli kambalame kofiirira kumsana, koyera pakhosi, kotuwa kumimba. Sikakonda kuuluka pamwamba. Kamakhala pansi pamthunzi, ndipo wofuna kukaona atsate linthumbu. Linthumbu likamadutsa m'masamba ofota, tiziwala, akangaude ndi mphemvu zimabalalika pothawa, kambalameko kali phee pakanthambi kam'munsi. Kenako kamatsika msangamsanga, kutola kamodzi, n'kubwerera pomwe kanali. M'chaka cha 1927 katswiri wa mbalame William Lutley Sclater anakafotokoza m'zolemba za akatswiri n'kukatcha Alethe choloensis, ndiye kuti Alethe wa ku Cholo, poti pa nthawiyo boma la atsamunda linkalemba dzina la phiri ndi dera lino kuti Cholo.

Cholo ameneyu anabadwa chifukwa cha kulephera kwa khutu. Liwu la thy, limene mwana aliyense wa kuno amalitchula mosavuta akamanena za kuthyola masamba, Mzungu analimva ngati ch wa kwawo. Momwemonso Mulanje anasanduka Mlanje, Nkhotakota n'kukhala Kota Kota. Titayamba kudzilamulira zimenezi zinakonzedwa, ndipo zinayeneradi kukonzedwa, chifukwa dzina la malo ndi la eni malo. Wolemba Chichewa lero akalemba kuti "boma la Cholo" walakwa basi, pokhapokha ngati akukopera chikalata chakale liwu ndi liwu.

Dzina la kambalame kaja lili pansi pa lamulo lina. Akatswiri a zinyama padziko lonse ali ndi malamulo a kaperekedwe ka mayina, ndipo amawerengera chiyambi cha mayinawo pa 1 Januwale 1758, chaka chimene Carl Linnaeus wa ku Sweden anasindikiza kachikhumi buku lake la Systema Naturae. Pa malamulowo, awiri ndiwo akutikhudza. Dzina limene linayamba kusindikizidwa moyenera ndilo limakhala. Ndipo kalembedwe ka amene anayamba kutcha kamasungidwa. Dzina silitayidwa chifukwa chakuti tanthauzo lake lapezeka kuti si loona. Choncho thyoloensis kulibe. Mukalemba choncho pa chikwangwani cha alendo kapena m'buku la ana asukulu, simunakonze kanthu. Mwangopeka mbalame imene mulibe m'kaundula wina aliyense, ndipo mwana amene akaifufuze pa intaneti akabwerako chimanjamanja.

Chimene chimasintha ndi mbali yoyamba ya dzina. Mbali imeneyo ili ngati chiwongo, monga Phiri kapena Banda, ndipo yachiwiri ndi dzina la mwiniwake. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mayina a sayansi chiwongo ndicho chimachoka akatswiri akapeza kuti mwana anamulowetsa ku mtundu wa eni. Kambalame ka ku Thyolo kanachotsedwa ku Alethe atapeza kuti sikali pachibale chenicheni ndi mbalame zimene dzinalo linayambira. Kanapita ku Pseudalethe, dzina la mu 2003. Kenako zinadziwika kuti gulu lomwelo linali nalo kale dzina, Chamaetylas, la mu 1860, ndipo lakalelo linapambana. Lero timalemba Chamaetylas choloensis (Sclater, 1927). Chilembo choyamba cha mbali yoyamba chimakhala chachikulu, mbali yachiwiri yonse zilembo zazing'ono, ngakhale itachokera pa dzina la malo kapena la munthu. M'mabuku osindikizidwa dzinalo limapendekeka. Polemba pamanja kapena pa bolodi, mzere pansi. Mabulaketi amenewo si zokongoletsa ayi. Akutiuza kuti Sclater ndiye anatcha, koma mbalameyo siilinso m'gulu limene iye anaiika. Mkonzi amene amawachotsa kuti tsamba lioneke laudongo wafafaniza mbiri ya zaka pafupifupi 100 ndi batani limodzi.

Amene akuona kuti Cholo ndi chilema chachikulu pa dzina sanaone mayina a zamoyo zakale zimene zinatsala m'miyala. Pali gulu la tinyama ta zigoba ziwiri limene akatswiri amalitcha Brachiopoda. Zaka 400 miliyoni zapitazo tinali todzaza pansi pa nyanja zamchere. Chiwonongeko chachikulu cha zaka 252 miliyoni zapitazo chinatha mitundu yambiri, ndipo lero yatsala mazana ochepa chabe, pamene yopezeka m'miyala ndi masauzande ambirimbiri. Ku Thyolo simungatipeze. Miyala ya pansi pa dothi lofiira la tiyi inapsa ndi kufinyika m'mimba mwa dziko, ndipo mulibe chigoba chimene chikanapulumukamo. Mmalawi amene angatole kachigoba kotere ndi dzanja lake ndi amene ali pa ganyu m'minda ya zipatso ya ku Ceres, ku South Africa, kumene miyala ya Bokkeveld ili nato tambiri.

Taonani mmene dzina la kamodzi mwa tinyama timeneti linayendera. Mu 1758 Linnaeus anatenga kachigoba kosanduka mwala, kokhala ndi mizere yopingasana ngati ukonde, n'kukatcha Anomia reticularis. Mawu akuti reticularis akunena za ukonde umenewo. Pokaika ku Anomia anakasakaniza ndi nkhono za zigoba ziwiri, poti poyang'ana kunja zikufanana. Koma sizili pachibale. Nkhono ya zigoba ziwiri ili ndi chigoba chakumanja ndi chakumanzere, ndipo ziwirizo zimafanana. Kanyama ka Brachiopoda kali ndi chigoba chapamwamba ndi chapansi, china chachikulu china chaching'ono, ndipo kufanana kwake kumaoneka ukadula chigoba chimodzi pakati. M'kati muli timikono tiwiri topindana, tokhala ndi titsitsi tosefa chakudya m'madzi. Ambiri mwa tinyamati timadzimangirira pansi ndi kamchira kotulukira pa kachiboo ka m'chigoba chachikulu.

Akatswiri a ku France atasiyanitsa gululi ndi nkhono za zigoba ziwiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, analitcha Brachiopoda, mawu a Chigiriki onena mkono ndi phazi, poganiza kuti timikono tija timagwira ntchito ngati phazi la nkhono. Sititero; n'todyera ndi kupumira. Mu 1828 Johan Wilhelm Dalman, wa ku Sweden nayenso, anachotsa kachigoba ka Linnaeus ku Anomia n'kukapangira gulu latsopano, Atrypa, kutanthauza chopanda chiboo. Pambuyo pake kunaoneka kuti kachiboo kalipo, kakang'ono, kobisika pansi pa kamlomo kopindika ka chigoba. Kenaka kwa zaka zambiri aliyense wotola chigoba cha mizere yopingasana, kaya ku Ulaya, kaya ku America, kaya ku Asia, ankangoti Atrypa reticularis, mpaka akatswiri a pambuyo pake anachita kukhala pansi n'kuyamba kupatula mitundu yambiri imene inaunjikidwa pa dzina limodzi. Fuko lonse la Atrypa linatha zaka pafupifupi 372 miliyoni zapitazo. Dzina lilipobe: Atrypa reticularis (Linnaeus, 1758), kanyama "kopanda chiboo" kokhala ndi chiboo, m'gulu la "mkono ndi phazi" lopanda phazi. Akatswiri onse akudziwa zimenezi ndipo palibe amene amatenga cholembera kuti akonze. Ntchito ya dzina lotere si kufotokoza. Ndi kuloza chinthu chimodzi mosaphonya, kuti wa ku Stockholm, wa ku Cape Town ndi wa ku Zomba akamakambirana adziwe kuti akunena chigoba chimodzimodzi.

Nanga ife tikalembe bwanji kanyama kameneka m'Chichewa? Osati "nkhono yakale." Kutero n'kubwereza cholakwa cha Linnaeus patatha zaka zoposa 260, pamene eni ake anachisiya kalekale. Ndi bwino kulemba motalikirapo koma moona: kanyama ka zigoba ziwiri ka m'nyanja zamchere, ka gulu la Brachiopoda. Ndipo mawu akuti "zamchere" asasiyidwe. Kwa ife nyanja ndi ya ku Mangochi, ya ku Nkhata Bay kapena ya Chilwa. Mukangoti "kankakhala m'nyanja," wowerenga wa ku Luchenza aona m'maganizo mwake usipa ndi mabwato, pamene tinyamati sitikhala m'madzi opanda mchere.

Kwathu konkuno tili nayo nkhani yofanana, ndipo ndi pamene olemba athu amapunthwa kwambiri. Kawirikawiri timawerenga kuti "Malawisaurus anatulukiridwa mu 1993." Chiganizo chimenechi chameza zaka pafupifupi 70 ndi ntchito za anthu angapo. Mafupa oyamba anatoledwa m'zaka za m'ma 1920 m'dera la Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, pa nthawi imene Frank Dixey ankayang'anira nthambi yofufuza za miyala ya boma la Nyasaland. Mu 1928 Sidney Haughton, amene ankagwira ntchito ku South Africa, anawafotokoza n'kuwatcha Gigantosaurus dixeyi, polemekeza Dixey. Koma dzina la Gigantosaurus linali ndi mlandu kale. Harry Seeley analigwiritsa ntchito mu 1869 pa mafupa a ku England. Eberhard Fraas analibwereza mu 1908 pa mafupa a ku Tendaguru, ku Tanzania ya lero. Ndipo mu 1911 Richard Sternfeld anapatsa a ku Tendaguruwo dzina lina, Tornieria. Motero mafupa a ku Karonga nawonso anadzayamba kulembedwa kuti Tornieria dixeyi. Gulu la Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Dallas, mogwirizana ndi nthambi yathu yosunga zinthu zakale, litakumbanso m'derali kuyambira m'ma 1980, linapeza mafupa okwanira kuonetsa kuti chinyamachi sichili m'gulu la Tornieria. Mu 1993 Jacobs, Dale Winkler, William Downs ndi Elizabeth Gomani anachipangira gulu lake, Malawisaurus. Mbali yachiwiri, dixeyi, sinakhudzidwe.

Chichewa chili ndi aneni okwanira nkhani yonseyi, ndipo n'chifukwa chake ulesi wa olemba athu umapweteka. Mafupa amatoledwa kapena kukumbidwa. Katswiri amawafotokoza n'kuwatcha dzina. Wina amasamutsa chinyamacho kuchoka ku gulu lina kupita ku lina. Zinthu zinayi zosiyana, zochitika m'zaka zosiyana, ndi anthu osiyana. "Kutulukira" tikusungire wopanga makina kapena wopeza njira yatsopano yochitira chinthu. Mafupa amene anagona m'dothi la ku Karonga zaka zoposa 100 miliyoni, amene madzi a mvula ankawafukula m'makhwawa anthu a m'midzi akudutsa, munthu sawatulukira.

Mpofunikanso kusamala ndi mawu akuti dinosaur, amene ena amawaponya pa fupa lililonse lakale. Malawisaurus ndi dinosaur ndithu, ndipo chifaniziro cha mafupa ake chaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Karongasaurus gittelmani, amene Gomani anamutcha mu 2005, nayenso ndi dinosaur. Koma Malawisuchus mwakasyungutiensis, amene Gomani yemweyo anamutcha mu 1997, ndi msuweni wa ng'ona. Nsagwada imene inapezeka ku Uraha mu 1991, yolembedwa nambala UR 501, ndi ya munthu wakale, Homo rudolfensis, ndipo pakati pa iye ndi Malawisaurus pali zaka zoposa 100 miliyoni. Kuziika zonsezi m'thumba limodzi la "zilombo zakale za ku Karonga" n'kunyoza wowerenga.

Pa mgwirizano wa mawu ndimaona chisokonezo china. M'ndime imodzi wolemba amati "Malawisaurus anali," m'munsi pang'ono "Malawisaurus chinali," pomaliza "Malawisaurus inali." Dzina la Chilatini lilibe gulu lake la mayina m'Chichewa, choncho wolemba asankhe njira imodzi n'kuigwiritsitsa. Atha kulitenga ngati dzina la mwini, monga timachitira ndi Kalulu kapena Fisi m'nthano, n'kumati "Malawisaurus anali wa khosi lalitali." Kapena atsogoze liwu la Chichewa kuti ndilo lilamulire: "chinyama chotchedwa Malawisaurus chinali cha khosi lalitali." Njira zonsezi n'zabwino. Choipa n'kulumphalumpha. Ndipo dzinalo lisavekedwe zovala zathu n'kukhala Malawisolasi. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inakhazikitsa mu 1973, n'kuwaunikanso mu 1980 ndi 1990, amagwira mawu amene alowa m'chinenero n'kukhala athu: tiyi, fakitale, sikelo, kapitawo. Dzina la sayansi silinalowe ndipo sililowa. Limangodutsa m'chiganizo chathu monga dzina la Johannesburg limadutsira.

Musaganize kuti ndikunena kuti akatswiri amadziwa zonse ndipo anthu wamba angokhala chete. Tiyi yemweyu ndi mboni. Linnaeus anamutcha Thea sinensis mu 1753. Mu 1762 anaganiza kuti tiyi wakuda ndi tiyi wobiriwira amachokera ku zomera ziwiri, n'kupereka mayina awiri, Thea bohea ndi Thea viridis. Panapita zaka pafupifupi 80 kuti Robert Fortune akaone yekha ku China kuti chomera n'chimodzi. Aliyense wogwira ntchito m'fakitale ya tiyi ku Thyolo akanamuuza Linnaeus zimenezi asanamalize kumwa kapu imodzi: masamba awiri ndi nsonga omwewo, ukawafotetsa, kuwaphwanya n'kuwasiya kuti mpweya uwasinthe mtundu asanaumitsidwe, amatuluka akuda, ukawatenthetsa msanga asanasinthe mtundu, amakhala obiriwira. Mu 1887 Otto Kuntze anasamutsira chomerachi ku Camellia, dzina lokumbukira Georg Joseph Kamel, Mjezuiti amene ankafufuza zomera ku Philippines. A zomera ali ndi malamulo awoawo, osiyana pang'ono ndi a zinyama, ndipo amalemba anthu onse awiri: Camellia sinensis (L.) Kuntze. L. ameneyo ndi Linnaeus. Ena poganiza kuti ndi chilembo chosochera amachifufuta.

Chidziwitso cha wothyola masamba ndi cha katswiri zonse n'zofunika, koma chilichonse chili ndi malo ake m'chiganizo. Dzina limene anthu a dera amatchulira mbalame, mtengo kapena nsomba lilembedwe poyamba, m'kalembedwe kolondola ka Chichewa, Chilomwe kapena Chimang'anja, ndipo wolemba achite kukafunsa kwa eni ake, osati kupeka pa desiki pomasulira dzina la Chingerezi. Dzina la sayansi libwere pambuyo, kamodzi kokha n'kokwanira, losakhudzidwa ndi pang'ono pomwe.

Nthawi zina ziwirizi zimakumana. Mu 1965 Donald Broadley anafotokoza nadzikambe wina wa m'nkhalango za phiri la Mulanje n'kumutcha Chamaeleo mlanjensis. Mu 2006 Colin Tilbury, Krystal Tolley ndi Bill Branch ataona kuti nadzikambe ameneyu ndi wosiyana ndi ena onse moti akufunika gulu lakelake, anatenga liwu lathu lomweli n'kuliumba m'Chilatini: Nadzikambia. Mu 2010 Branch ndi Tolley anawonjezerapo mtundu wachiwiri, Nadzikambia baylissi, wa pa phiri la Mabu ku Mozambique, phiri limenenso kambalame ka choloensis kamapezekako. Ena kwawo amati nanzikambe, ena bilimankhwe, ena tonkhwetonkhwe, ndipo m'nkhani ya Chichewa aliyense alembe la kwawo. Koma akafika pa Nadzikambia mlanjensis (Broadley, 1965), dz akhale dz, ndipo pakati pa m ndi l pasalowe u.